NSALU YOKHA SI MWAMBO

Chaka chilichonse mwezi wa October ukafika, munthu amene walawirira pa mphambano ya pa Chitakale tsiku la chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe amaona zinthu zosangalatsa mtima. Malole odzaza ndi amayi oimba amachokera ku Muloza, ena amatsika ndi msewu wa ku Likhubula kuchokera ku Phalombe, anyamata a kabaza amapalasa atakweza madoda ofungatira ng'oma, ndipo onsewo amalunjika kumodzi, ku Chonde. Pakati pa khamu limeneli pamadutsanso galimoto zonyezimira za akuluakulu a m'maofesi amene agona m'nyumba za alendo pa boma la Mulanje, atavala malaya osokedwa ku nsalu ya chikondwererocho, ndipo amaima pang'ono kuti agule nanazi ndi nthochi.

Koma wofuna kudziwa tsogolo la mwambowu asatengeke ndi malayawo. Asuzumire pa mpando wa kumbuyo wa galimotozo. Kawirikawiri pamakhala nanazi uja ndi kabokosi ka zakumwa, mwana palibe. Ana atsala ku Limbe, ku Zomba kapena ku Lilongwe m'manja mwa wantchito, maso ali pa wailesi ya kanema, ndipo akafunsidwa kumene bambo ndi mayi apita amayankha kuti apita ku msonkhano. Anawo sakulakwa ayi. Chinthu chimene makolo awo achisandutsa msonkhano, iwo sangachitche mwambo.

Izi ziyenera kunenedwa mosabisa mawu. Mwambo umene umavalidwa tsiku limodzi pa chaka, kenaka n'kupindidwa ndi kuikidwa m'sutikesi, uli pa njira ya kumanda, ngakhale bwalo litadzaza chotani. Ndipo amene akuukumbira dzenje si mzungu kapena mlendo, koma mwana wa m'mudzi momwemo amene adaphunzira ndi ndalama za nandolo ndi za tiyi wothyola amayi ake, amene lero ali ndi mpando m'boma kapena m'chipani.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, n'koyenera kuyang'ana kaye tsidya la nyanja, kwa anthu akuda a ku zilumba za West Indies, amene makolo awo adachoka ku Africa atamangidwa maunyolo. Tsiku Lolemba loyamba la mwezi wa September chaka chilichonse, msewu waukulu wa Eastern Parkway ku Brooklyn mu mzinda wa New York umatsekedwa, ndipo anthu ochokera ku Trinidad, Jamaica, Barbados, Haiti, Grenada ndi Guyana amachita perete wa Carnival amene amasonkhanitsa anthu oposa miliyoni imodzi. Ku London nako, chikondwerero cha ku Notting Hill chimachitika kumapeto kwa mwezi wa August. Anthuwa ali ku maiko a eni, ku maiko ozizira, kutali ndi manda a makolo awo, koma amanyamula mbendera za zilumba zawo poyera ndi mopanda manyazi.

Zimenezi sadazilandire pa mbale. Ukapolo utatheratu ku Trinidad m'chaka cha 1838, anthu omasulidwawo adayamba kuguba m'misewu ndi miuni, ng'oma ndi ndodo pokumbukira masiku aja ankathamangitsidwa usiku kukazimitsa moto m'minda ya nzimbe. Mu 1881 apolisi a boma la atsamunda adayesa kuthetsa mwambowu mu mzinda wa Port of Spain, ndipo padabuka chipolowe chachikulu. Patapita zaka zochepa ng'oma zidaletsedwa. Anthuwo sadakhale pansi n'kumalira. Adadula nsungwi n'kumazigunda pansi, ndipo nsungwi zitachepa mawu adatola zitini ndi migolo ya mafuta yotayidwa, n'kuisula mpaka idayamba kuimba ngati limba. Chida chimenechi, chotchedwa steelpan, lero chili ndi tsiku lakelake lokumbukiridwa pa dziko lonse, 11 August, limene bungwe la United Nations lidakhazikitsa mu 2023. Ku London, azungu ena atachita chiwawa pa anthu akuda ku Notting Hill mu 1958, mayi wina wa ku Trinidad, Claudia Jones, adayankha chidanicho pokonza chikondwerero m'holo ya St Pancras mu January 1959. Adadziwa kuti mtundu umene ukuvina gule wake sungauzidwe kuti si anthu.

Si zonse za kumeneko zimene zili zotengera. Kuli kuledzera, kuli kuvala kosalemekeza thupi, kuli amalonda amene alowa pakati, ndipo eni ake amadandaula nazo. Koma pali chinthu chimodzi chimene anthuwa adachigwira, chimene ophunzira a kuno achitaya. Ku Brooklyn ana ali ndi perete wawo Loweruka, akuluakulu asanalowe m'msewu. Ku Notting Hill tsiku Lamulungu ndi la ana ndi mabanja. Miyezi ingapo chikondwerero chisanafike, agogo, mayi ndi mdzukulu amakumana madzulo ataweruka m'nyumba zosokera zovala, kumata nthenga, kupinda mawaya ndi kutunga mikanda, kwinaku achinyamata akuphunzira kuimba migolo ija. Mwana wobadwira ku New York amene sadapondepo pa Trinidad amakula akudziwa chakudya cha agogo ake, nyimbo zawo ndi chifukwa chimene amagubira. Perete wa tsiku limodzi uja ndi duwa chabe. Mizu yake ili pa khomo.

Tsono nanga Alhomwe mbiri yawo ndi yosiyana kwambiri ndi imeneyi? Makolo awo ambiri adalowa m'dziko lino kuchokera ku Mozambique, ku dera la phiri la Namuli, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 kufikira m'ma 1930, akuthawa njala, msonkho, chikoti ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Adafika ndi mitolo pamutu, Amihavani, Akokhola, Atakhwani, Amanyawa, Amarenje ndi ena, napeza kuti malo abwino a ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu adatengedwa kale ndi azungu. Tiyi amene adayamba kubzalidwa ku Mulanje mu 1891, amene lero amakongoletsa mapiri kuchokera pa Chitakale mpaka ku Muloza, adakula ndi thukuta lawo pansi pa thangata, ndipo thangatayo sadathe mpaka 1962. Ambiri mwa anthu amene adatsata John Chilembwe mu January 1915 adali Alhomwe ozunzika pa esiteti ya ku Magomero.

Pamwamba pa ntchito yakalavulagaga padali chipongwe. Ankatchedwa Anguru, dzina limene linkanenedwa ndi mlomo wopotoka. Ankasekedwa chifukwa cha chiyankhulo chawo ndi zakudya zawo, kufikira ena adayamba kudzibisa n'kumadzitcha Anyanja kapena Ayao kuti apeze ntchito kapena banja. Ndi chifukwa chake Lewis Mataka Bandawe, amene adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, adayambitsa bungwe la Lomwe Tribal Society mu 1943, ndipo boma la atsamunda lidavomera kusiya dzina lonyozalo m'zolemba zake. Bandawe adali munthu wa muofesi, womasulira mawu ku khoti lalikulu ku Blantyre, wodziwa Chingerezi koposa ambiri amene amadzitama nacho lero. Maphunziro ake sadamuchititse manyazi ndi chiyankhulo cha amayi ake. Ogwira ntchito m'boma a masiku ano ayenera kudziyesa pa muyeso wa munthu ameneyu.

Manyazi amene adabzalidwa nthawi imeneyo adabala zipatso zowawa, ndipo ziwerengero sizinama. Pa kalembera wa 1966, anthu pafupifupi 15 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno ankayankhula Chilhomwe pa khomo pawo. Pofika pa kalembera wa 1998 adatsala osakwana 3 mwa anthu 100. Koma kalembera wa 2018 adaonetsa kuti Alhomwe ndi anthu pafupifupi 19 mwa anthu 100 alionse, mtundu wachiwiri pa kuchuluka, wotsatira Achewa. Anthu adachuluka, chiyankhulo chidafota. Ena amaloza chala ku chaka cha 1968 pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, ziyankhulo zina n'kuchoka pa wailesi ndi m'sukulu. M'mawu awo muli choona, ndipo palibe chifukwa chobisira. Koma lamulo lomwelo lidakhudzanso Atumbuka, Ayao ndi Atonga, ndipo iwowa ana awo akuyankhulabe za kwawo. Lamulo lidalamula wailesi ndi kalasi, silidalowe m'khitchini. M'khitchini mudalowa manyazi, ndipo mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Bungwe la Mulhako wa Alhomwe, limene malemu Bingu wa Mutharika adalikhazikitsa mu 2007 ndipo lidachita chikondwerero chake choyamba ku Chonde mu October 2008, lidachotsa manyaziwo pa bwalo. Lero munthu amafuula kuti ndi Mlhomwe galimoto lake lili ndi chizindikiro pa galasi. Ichi n'chinthu chachikulu ndipo aliyense wachilungamo ayenera kuchiyamikira. Koma liwu lakuti mulhako limatanthauza khomo. Khomo ndi polowera, si pokhala. Ambiri aima pa khomopo zaka zonsezi, akujambulitsa zithunzi, osalowa m'nyumba, ndiponso osalowetsa ana awo.

M'nyumbamo muli chiyani? Muli tchopa, amene bungwe la UNESCO lidamulemba mu 2014 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, pamodzi ndi Gule Wamkulu ndi Vimbuza amene adalembedwa kale. Wongoonerera amaona nkhalamba zovala zikopa ndi nthenga, zitabereka pamsana mitolo ya makasu akutha, mipaliro, zidole ndi miphika yakale, zikuzungulira ndi kupingasana pa kulira kwa ng'oma zitatu zosiyana msinkhu, iye n'kumaseka. Koma mtolo uja si nthabwala. Ndi moyo wonse wa munthu wolima, wosaka ndi woyenda ulendo, ndipo Mlhomwe wodziwa mbiri ya agogo ake akauona amakumbukira katundu amene adaoloka naye malire. Tchopa ankavinidwa pothokoza zokolola, alenje akabwera ndi nyama, ndiponso popereka nsembe mudzi ukagwidwa ndi chilala kapena mliri. Ndi gule wosonkhanitsa anthu pa nthawi ya chimwemwe ndi pa nthawi ya misozi. Amene adaona zimene namondwe wa Freddy adachita ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023, pamene matope ndi miyala zidatsika m'phiri n'kukwirira midzi, akudziwa kuti thandizo lisanafike, amene adayamba kufukula, kuika maliro ndi kutola ana amasiye idali mbumba. Umodzi wotere sumera tsiku la tsoka. Umaphunzitsidwa pa bwalo, pa ng'oma ndi pa mbale imodzi.

M'nyumbamo mulinso kalongonda. Pa chikondwerero akuluakulu amamugula m'kambale n'kumamutama, koma ndi angati mwa ana awo aakazi kapena aamuna amene angamuphike? Nyemba imeneyi ikaphikidwa mwaulesi imazunguza mutu ndipo imatha kudwalitsa banja lonse. Imafuna kuwiritsidwa nthawi yaitali, kusendedwa, kutayidwa madzi ndi kuwiritsidwanso, ndipo wodziwa kuti tsopano yapsa ndi amene adakhala pafupi ndi mafuwa agogo ake akuphika. Nzeru imeneyi ndiyo idapulumutsa mabanja pa zaka za njala, pamodzi ndi makaka ophika ndi nandolo. Siilembedwa pa nsalu, siigulidwa pa Chitakale. Ikafa nkhalamba imodzi yosasiya wophunzira, nzeruyo yapita nayo.

Kunena zoona, ana a m'midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo akuvinabe tchopa, ndipo ena akulandira ng'oma m'manja mwa agogo awo. Amene akusowa pa bwalo ndi ana a ophunzira. Apa ndiye pagona ngozi, chifukwa ana amenewa ndiwo mawa adzakhale aphunzitsi akulu, ma DC, alembi a maunduna ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo. Ndiwo adzagamule zimene zidzaphunzitsidwe m'sukulu ndi kumene ndalama za boma zidzapite. Munthu sateteza chinthu chimene sadachikonde ali mwana. M'mera m'poyamba.

Otsutsa alipo, ndipo ayenera kuyankhidwa. Oyamba amati zikondwerero za mitundu zimagawa dziko. Koma Achewa amapita ku Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia kwa Kalonga Gawa Undi, Angoni amasonkhana ku Umhlangano ku Ntcheu ndi ku Umthetho ku phiri la Hora, Atumbuka ali ndi Gonapamuhanya ku Bolero, ndipo mafumu a mitundu imeneyi amaitanana ndi kukhala pa mphasa imodzi. Ku Brooklyn kuja mbendera ya Jamaica imayenda pambali pa ya Haiti popanda kukangana. Chogawa dziko si ng'oma. Chogawa dziko ndi munthu amene amapereka ntchito, malo a sukulu kapena kontirakiti poyang'ana dera limene wopemphayo achokera. Amene amachita zotere ndi wakuba, ndipo asabisale kumbuyo kwa mwambo, pakuti palibe gogo wa Chilhomwe amene adaphunzitsa mdzukulu wake kulanda cha mnzake. Ngakhale phiri la Mulanje, limene UNESCO idalilemba mu July 2025 pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, lidalemekezedwa chifukwa ndi lopatulika kwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe pamodzi.

Achiwiri amati miyambo ina ndi yoipa. Inde ilipo. Mlangizi aliyense amene amauza kamtsikana kotuluka ku chinamwali kuti kakasase fumbi, ndi malume aliyense amene amakwatitsa mwana wa sukulu, akuphwanya lamulo, pakuti kuyambira 2017 malamulo akulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Zoterezi zithe, ndipo zithe msanga. Koma amene angazithetse ndi mwana wa m'mbumba momwemo amene amabwera kumudzi, amadziwa mayina a azakhali ake ndipo mawu ake amamveka pa bwalo. Wobwera kamodzi pa chaka atatseka magalasi a galimoto palibe amene angamumvere. Mlimi wanzeru amazula udzu m'munda, sawotcha munda wonse.

Achitatu amati mwana akaphunzira Chilhomwe asokonezeka pa Chingerezi. Bodza limeneli Bandawe adalitsutsa kale ndi moyo wake. Pa msika wa pa Chitakale pomwepa pali amayi ogulitsa tomato amene amatsatsa malonda m'Chichewa, kuyankha mnzawo m'Chilhomwe ndi kuwerengera wogula wa ku Milange m'Chipwitikizi, sukulu adalekera pa njira. Kodi mutu wa mwana wa mlembi wamkulu ndi waung'ono kuposa wa amayi amenewa?

Mawu ena ayenera kupita kwa atsogoleri a zipani, a nthambi, a dera ndi a boma, a chipani chilichonse. Bwalo la mwambo si nsanja ya kampeni. Pamene zoyankhula za akuluakulu zitenga maola ambiri, nkhalamba zimene zayenda kuchokera usiku zili pa dzuwa ndi zikopa pathupi, n'kupatsidwa mphindi zochepa zovinira, mwini phwando wasanduka mlendo pakhomo pake. Pamene achinyamata abwera kudzakuwizana ndi a chipani china, ana oonerera amaphunzira kuti mwambo ndi ndewu. Ndipo pamene nkhani yomveka m'minibasi pobwerera ili ya gondolosi ndi mowa basi, onyoza aja apatsidwa mfuti ndi eni ake. Otheka ndi wa makolo, palibe akukana, koma makolo ankamwa ntchito itatha, ndipo ankadziwa amene ali woyenera kukhala pa chipanda. Maboma amabwera ndi kupita. Bingu amene adayambitsa bungweli adamwalira mu 2012, maboma asintha kangapo chiyambire, koma ng'oma ya tchopa ikulirabe. Wandale wanzeru amavula chipewa pamaso pa chinthu chimene chidzakhalepo iye atapita.

Chofunika kuchita si chovuta ndipo sichidikira bajeti ya boma. Wogwira ntchito m'boma aliyense wopita ku Chonde atenge ana ake, ndipo asawagoneke ku nyumba ya alendo koma kwa agogo awo, adye makaka, amve nthano, aphunzire kupereka moni m'chiyankhulo cha kwawo. Pa tchuthi cha sukulu mwana akhale kumudzi ngakhale sabata ziwiri, osati kungotsitsa thumba la ufa n'kutembenuza galimoto. Ndalama imene imathera pa malaya atsopano chaka ndi chaka ingathe kugula zikopa zokungira ng'oma za gulu la tchopa la m'mudzi mwawo, kapena kulipira nkhalamba imodzi yophunzitsa ana Loweruka lililonse. Aphunzitsi akulu a m'sukulu zozungulira Chitakale, Likhubula ndi Chonde atsegule zipata kuti odziwa magule ndi nthano azilowa. Achinyamata amene ali ndi mafoni ojambula asiye kudzijambula okha, ajambule agogo awo akufotokoza mayina a mbumba yawo ndi njira imene idadzera pochokera ku Namuli. Okonza zikondwerero zonse za mitundu m'dziko muno aganizire zopatsa ana tsiku lawolawo, monga achitira anthu a ku West Indies, kuti mwana asakhale woonerera kumbuyo kwa chingwe koma mwini bwalo. Ndipo kukonzekera kuyambe mwezi wa January, osati sabata yomaliza, pakuti nkhanga zidapangana kusanache.

Zidzukulu za akapolo zidalandidwa chiyankhulo, mayina ndi ng'oma, koma zidasula nyimbo ku migolo yotayidwa mpaka dziko lonse lidaima kumvetsera. Alhomwe sadalandidwe zonsezo. Chiyankhulo chikadalipo m'kamwa mwa agogo, ng'oma zikadali pa khonde, phiri likadali pomwe lidali. Ngati zimenezi zidzatayika, sipadzakhala mtsamunda womunamizira. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo.

Khamu la ku Chonde limafuula kuti noophiya, kutanthauza kuti afika. Kufika adafikadi, ndipo adafika movutikira. Funso limene latsala ndi lakuti adzafuule mawuwo ndani zaka makumi atatu zikubwerazi, ndipo adzadziwa kodi tanthauzo lake. Yankho lake silidzamveka pa chimkuzamawu cha pa nsanja. Lidzaoneka pa mphambano ya pa Chitakale m'mamawa wa tsiku la chikondwerero, pa mpando wa kumbuyo wa galimoto, ngati padzakhale nanazi yekha kapena mwana.